NKHUNGU YA KU LONDON IDAULULA CHINSINSI CHANGA

Awa ndi mawu amene adalankhula mmodzi wa ophunzira akale pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga momwe adawalankhulira.



Pamene Alembi athu adandiimbira lamya kuti ndidzalankhule lero, adati: "Achimwene, mudzatiuzeko zimene mudaona kunja kuja." Ndidavomera msanga, koma pambuyo pake ndidayamba kusinkhasinkha. Ambiri a inu mwayenda kuposa ine. Ine ndidakwera ndege ulendo umodzi wokha, m'chaka cha 2019, pokachezera mwana wanga wamkazi amene amagwira ntchito ya unamwino ku London. Nanga ndingauze chiyani anthu amene mapasipoti awo adadzaza kale? Ndiye ndidaganiza zongosankha tsiku limodzi, tsiku limene mwana wangayo ndi mdzukulu wanga adapita nane kukaona chionetsero cha kuwala. Chonde mundipirire, pakuti nkhani yake ikathera pa ine ndi inu.

Ndiyambire kuno kwathu. Amene tidali pano m'zaka za m'ma 1970 mukukumbuka phunziro la kuwala. Sukulu yonse idali ndi kagalasi kamodzi ka ngodya zitatu, kamene aphunzitsi ankakasunga m'kabati yokhoma. Tsiku limene adakatulutsa kuti atisonyeze mitundu ya utawaleza, kunja kudachita mitambo, dzuwa osaoneka. Adakabweza m'kabati muja, ife n'kungoloweza pamtima mitundu isanu ndi iwiri ija pamodzi ndi dzina la Isaac Newton. Mayeso ndidakhoza bwino lomwe. Koma kunena zoona, ndidakhoza chinthu chimene ndidali ndisadachionepo.

Tsopano ndiulule chimene ndidabisa. Kuyambira m'chaka cha 2017 diso langa lamanzere lidayamba kuchita nkhungu. Poyamba ndinkati magalasi ada, ndiye ndinkangokhalira kuwapukuta. Kenaka ndidasiya kuyendetsa galimoto usiku chifukwa magetsi a galimoto zochokera kutsogolo ankandithobwa m'maso. Mayi a kunyumba akafunsa, ndinkanamizira kukwera mtengo kwa mafuta. Nyuzipepala ndinkawerenga mitu yokha. Kuchipatala sindidapite, ndipo chifukwa chake chidali mantha. Bambo anga adachita khungu atakalamba, ndipo mwana amene ankawagwirira ndodo powatsogolera kudimba ndi kumaliro ndidali ine. Ndinkaopa kumva dokotala akunena kuti nthawi yanga yakwana. Ndidapita ku London ndi chinsinsi chimenechi, mwana wanga namwino uja osadziwa kanthu.

Loweruka lina m'mwezi wa Ogasiti adati: "Bambo, lero tipita ku Tate Modern." Iyi ndi nyumba yaikulu yoonetseramo ntchito za aluso, imene ili m'mphepete mwa mtsinje wa Thames, moyang'anana ndi tchalitchi chachikulu cha St Paul's. Kale nyumbayi idali yopangiramo magetsi, dzina lake Bankside, mpaka pamene idatsekedwa m'chaka cha 1981. Adaikonza n'kuitsegulanso m'chaka cha 2000. Chumuni chake, chotalika mamita 99, adachisiya chili chiimire. Kulowa m'nyumbayi n'kwaulere, koma zionetsero zapadera zimakhala zolipira. Ine nditamva mtengo wa tikiti n'kuutembenuza m'makwacha, ndidati tibwerere. Mdzukulu wanga, amene panthawiyo adali ndi zaka 8, adandikoka dzanja, ndipo mukudziwa nonse kuti gogo sapambana mlandu ndi mdzukulu.

Mwini chionetserocho ndi Olafur Eliasson, amene adabadwira ku Copenhagen m'dziko la Denmark m'chaka cha 1967, makolo ake ochokera ku Iceland. Malo ake ogwirira ntchito ali ku Berlin. Anthu a ku London ankamudziwa kale chifukwa m'chaka cha 2003 adapachika dzuwa lochita kupanga m'holo yaikulu ya nyumba yomweyi, momwe kale mudali makina opukusa magetsi. Adapanga theka la dzuwa ndi nyale zambirimbiri, n'kuika magalasi kudenga kuti theka linalo lizioneka m'galasimo, kenaka n'kufukiza nkhungu. Anthu pafupifupi 2 miliyoni adabwera kudzaona, ambiri n'kumagona chagada pansi kudziyang'anira kudenga. Chionetsero chimene ife tidapitako chinkatchedwa In Real Life. Chidatsegulidwa mu Julayi 2019 n'kutsekedwa mu Januwale 2020, ndipo mudali ntchito zake pafupifupi 40.

Ine ndinkayembekezera zithunzi zopachika pakhoma ndi mlonda wokuletsa kuyandikira. Sizidali choncho. Zinthu zambiri za munthuyu umachita kulowamo, kuyendamo, ngakhale kunyowa nazo. Mayina a zambiri mwa izo amayamba ndi liwu lachingerezi lotanthauza "chako", pofuna kunena kuti ntchitoyo siikwanira mpaka munthu woonayo atafika ndi maso ake ndi thupi lake.

Choyamba tidakumana nacho titangotuluka m'chikepe. Malo onse adali achikasu. Jekete lofiira la mwana wanga lidasanduka lodera, nkhope za anthu zidatuwa, ndipo maluwa a pa diresi la mdzukulu wanga adangotsala mawanga akuda. Dzina la ntchitoyi ndi Room for one colour, kutanthauza chipinda cha mtundu umodzi, ndipo adaipanga koyamba m'chaka cha 1997. Mulibe china chilichonse koma nyale zokhazokha. Apa m'pamene phunziro lathu lija lidandibwerera. Newton adasonyeza m'chaka cha 1666 kuti kuwala kwa dzuwa, kumene timati n'koyera, kuli ndi mitundu yonse mkati mwake. Nsalu imaoneka yofiira chifukwa imameza mitundu inayo n'kubweza wofiira wokha kumaso kwathu. Tsono nyale za m'chipindachi, zofanana ndi zachikasu zija ankaika kale m'misewu ya m'mizinda, zimatulutsa mtundu umodzi wokha. Nsalu yofiira ikasowa kuwala kofiira koti ibweze, imada. Ndiye kuti kufiira kwa jekete lija sikukhala mu ulusi mokha. Pamafunika nsaluyo, kuwala, ndi diso, ndipo chimodzi chikasowa mtundu uja wapita.

Anthu onse ankadabwa ndi kuseka. Ine ndidasekanso, koma mumtima mudali nkhawa, pakuti ndikatsinzina diso lamanja, dziko la kunja linkaoneka kale lotuwa ndi lachikasu pang'ono chimodzimodzi. Zimene anzanga adalipirira ndalama kuti aone, ine ndinkayenda nazo.

Tidadutsa khoma lalitali lokutidwa ndi ndere zoyera za kumaiko ozizira, zimene nyama za kumeneko zimadya, ndipo tidalowa m'chipinda chamdima bii. Mkatimo mudali paipi yobooledwa timabowo ting'onoting'ono, yopachikidwa kudenga, ikugwetsa madzi osalala ngati mvula yowaza, ndi nyale imodzi yowalira pamadzipo. M'madzimo mudali utawaleza. Ntchito imeneyi dzina lake ndi Beauty, ndiye kuti kukongola, ndipo adaipanga m'chaka cha 1993 akadali wophunzira. Palibe chobisika: paipi ukuiona, nyale ukuiona. Komabe ukasuntha phazi limodzi utawaleza uja umasuntha, ukapitirira umazimirira.

Mdzukulu wanga adati, m'Chichewa chake chothyokathyoka: "Agogo, uli apa!" Ine ndidati: "Ayi, uli apo." Tidatsutsana mpaka ndidagwada kuti mutu wanga ufanane ndi wake, ndipo ndidapeza kuti mwanayo sankanama. Kuwala kukalowa m'kadontho ka madzi kamapindika, kugawika m'mitundu yake, n'kubwerera kunja, koma mtundu uliwonse umatuluka molunjika kwake. Utawaleza wa kumwamba timauona dzuwa likakhala kumbuyo kwathu, pa ngodya ya madigiri pafupifupi 42. Choncho madontho amene akutumiza mtundu wofiira m'diso langa si omwewo amene akuutumiza m'diso la mnzanga. Anthu awiri oima pakhonde limodzi amaloza utawaleza n'kumati ndi umodzi, pamene aliyense akuona wake. Patatha zaka zoposa 40, ndidaona chimene mitambo idatimana tsiku lija. Koma ndidachiona bwino pokhapokha nditatsinzina diso lamanzere, ndipo sindidauze munthu.

Kenaka tidaima pamzere wolowera m'chinthu chimene chidandigwira. Ndi kanjira kotsekedwa mbali zonse, kotalika mamita 39, kodzaza ndi nkhungu yowirira imene akuiwalitsa ndi nyale. Munthu umaona mita imodzi ndi theka basi. Nkhunguyo siivulaza, ndipo imatsekemera pang'ono pakamwa. Dzina lake m'chinenero cha ku Denmark ndi Din blinde passager. Mawuwa amanena za wapaulendo wosaona, koma kwawoko amagwiritsidwa ntchito ponena za munthu amene wakwera sitima ya pamadzi mozemba n'kubisala.

Chitseko chitatsekedwa kumbuyo kwathu, zonse zidasowa. Mulibe mdima, m'mowala kwambiri, koma suona pansi, suona denga, suona munthu. Poyamba nkhungu idali yoyera, kutsogolo n'kusanduka yachikasu. Mdzukulu wanga, amene tsiku lonse ankathamanga patsogolo, adandikakamira mwendo. "Agogo, sindikuona chilichonse! Tibwerere!"

Ine mtima udali m'malo. Ndidati: "Usaope, mdzukulu wanga. Gwira dzanja langa, linalo ligwire khoma. Usanyamule phazi kwambiri, uzilikhweza pansi. Uzimvera mawu a anthu ali kutsogolo. Ine ndimayenda chonchi tsiku ndi tsiku."

Anzanga, mawu akatuluka sabwerera. Ndidaiwala kuti mayi wake wa mwanayo adali kumbuyo kwathu. Nkhungu ija idamubisa kuti ndisamuone, koma mawu anga adawamva onse. Titatuluka sadanene kanthu. Adangondiyang'ana m'maso nthawi yaitali, monga momwe anamwino amayang'anira wodwala amene akunama kuti mankhwala amamwa.

Tidapitirira kukalowa m'chipinda cha zithunzithunzi, chotchedwa Your uncertain shadow. Pansi adandandalika nyale zisanu zamitundu yosiyana, zonse zolozera khoma loyera. Popanda munthu khomalo limangooneka loyera, chifukwa mitunduyo ikasakanikirana imabwerera ku kuwala koyera. Koma munthu akaima pakati, pakhoma pamatuluka zithunzithunzi zake zisanu, chilichonse ndi mtundu wake. Chifukwa chake n'chapafupi. Thupi likatchinga nyale imodzi, malo amenewo amawalitsidwabe ndi nyale zinazo, ndiye m'malo mwa mdima pamaoneka mtundu wa zotsalazo. Ana ankavina, akuluakulu ovala masuti ankakweza manja ngati ana a sukulu ya mkaka. Mdzukulu wanga adaiwala mantha aja n'kundivinitsa. Ndidavina ndithu, koma ndikudziwa kuti kunja kukundidikira mlandu.

Chakumapeto adaonetsa kanyale kachikasu kooneka ngati duwa, koyendera mphamvu ya dzuwa, kotchedwa Little Sun. Eliasson adakapanga pamodzi ndi injiniya Frederik Ottesen, ndipo adakakhazikitsa m'chaka cha 2012 m'nyumba yomweyi, cholinga chake chili chothandiza anthu okhala kumene kulibe magetsi. Ndidakagwira m'manja n'kukumbukira koloboyi amene tinkawerengera pa tchuthi kumudzi, utsi wake ukutiyabwa m'maso, m'mawa m'mphuno muli bii. Munthu amene adapachika dzuwa lalikulu kuti anthu a ku London agone pansi n'kumaliyang'ana adakumbukiranso mwana wowerengera pa nyale ya palafini. Pamenepo ndidamupatsa ulemu.

Titatuluka tidakhala pa benchi m'mphepete mwa mtsinje. Mwana wanga adatuma mdzukulu uja kukaona mbalame chapafupi, ndipo adati: "Bambo, tsekani diso lamanzere ndi dzanja. Mukuona chiyani kutsidyako?" Ndidati ndikuona denga lozungulira la St Paul's ndi anthu akuwoloka pa mlatho. "Tsopano tsekani lamanja." Tchalitchi chonse chija, kukula kwake konse, chidasowa. Padatsala nkhungu yomwe ija tidatulukamo.

"Zidayamba liti?"

"Patha zaka ziwiri."

Adakhala chete, kenaka misozi idatsika. "Bambo, mudandilipirira sukulu kuti ndizisamala anthu odwala. Ndikusamala makolo a eni kuno, inu n'kumandibisira?" Ndidalibe choyankha. Ndidamuuza za agogo ake ndi ndodo ija. Iye adayang'anitsitsa diso langa n'kunena kuti zikuoneka ngati ng'ala, koma woti atsimikize ndi dokotala wa maso. Adandifotokozera kuti mkati mwa diso, kuseri kwa mwana wa diso, muli kagalasi kachilengedwe kamene kamasonkhanitsa kuwala. Munthu akamakula kagalasiko kamayamba kuchita mitambo ndi kusanduka kachikasu, ndiye kuwala m'malo molunjika kumamwazikana, monga momwe kunkamwazikira m'kanjira ka nkhungu kaja. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse limati ng'ala ndiyo imachititsa khungu anthu ambiri kuposa nthenda ina iliyonse, chonsecho ndi khungu lochizika.

Adandiuzanso kuti kumtunda pang'ono kwa mtsinje womwewo kuli chipatala cha St Thomas', kumene dokotala wina dzina lake Harold Ridley adayamba kuika kagalasi kochita kupanga m'diso la munthu m'chaka cha 1949. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iye adaona kuti oyendetsa ndege amene tizidutswa ta pulasitiki ya pa zenera la ndege tidawalowa m'maso, maso awo sankatikana tizidutswato. Apo m'pamene nzeru idachokera.

Nditabwerera kuno kumudzi ndidauza mayi a kunyumba zoona zonse. Mawu amene adandiyankha sindiwabwereza pagulu pano. Dokotala adatsimikiza kuti ndi ng'ala, ndipo mu Febuluwale 2020 adandichita opaleshoni kuno kwathu konkuno. Sadandigoneke tulo, adangochititsa dzanzi disolo. Ntchito yonse siidakwane ola limodzi, ndipo sindidamve kupweteka. Zaka ziwiri za mantha zidathera pamenepo.

M'mawa mwake atachotsa bandeji, chinthu choyamba kuona chidali yunifolomu ya namwino. Ndidali nditaiwala kuti kuyera kumafika pamenepo. Ndidayamba kutseka diso ili, kutsegula linali, ngati mwana. Ndi diso lokonzedwalo khoma lidali loyera mpaka kuoneka ngati labuluu. Ndi diso lamanja, limene ndinkaliyesa labwinobwino, khoma lomwelo lidali lachikasu pang'ono, kusonyeza kuti nalonso lidali litayamba. Zimenezi zidamuchitikiranso Claude Monet, katswiri wojambula wa ku France. Adampeza ndi ng'ala m'chaka cha 1912, koma adazengereza opaleshoni mpaka 1923. M'zaka zimenezo zithunzi zake zidanka zifiirira ndi kudera, ndipo atamuchita opaleshoni adadandaula kuti zinthu zikuoneka zabuluu kwambiri. Ngati munthu wodya za maso ake adaopa mpeni zaka 11, ine wa zaka ziwiri mundikhululukire. Koma musatitsanzire tonse awiri.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi ichi. Ndikakumbukira bambo anga, ndimakumbukira kuyera kumene kudali pakati pa maso awo. Adakhala zaka zambiri atagwira ndodo, ife n'kumati ndi ukalamba.

Bambo Wapampando, nthawi yanga yatha, choncho ndisiye zopempha zitatu.

Choyamba, aliyense wa ife akafika kunyumba madzulo ano ayang'ane kalendala ya pakhoma, atseke diso limodzi, kenaka linalo. Maso awiri amabisirana, lamphamvu limagwirira ntchito lofooka mwini wake osadziwa. Mukaona kusiyana, pitani kuchipatala cha maso sabata yomweyo. Si nkhungu iliyonse imene ili ng'ala. Pali nthenda zina za maso, monga ija yobwera chifukwa cha kuthinana kwa madzi a m'diso ndi ija yobwera ndi shuga, zimene zikaononga sizibweza. Zimenezo zimafuna kuzipeza msanga. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chachiwiri, ambiri a ife tili ndi makolo, azakhali ndi amalume kumudzi amene adasiya kupita kumunda chifukwa chosaona. Tisangowatumizira sopo ndi shuga. Tiwatenge akaonedwe ndi dokotala. Mwina amene tikumuyesa wakhungu mpaka imfa akusowa ola limodzi lokha ndi ndalama ya basi.

Chachitatu n'chopepuka. Simufunika tikiti ya ndege kuti muonetse mwana utawaleza. Madzulo dzuwa likapendeka, muimike mdzukulu wanu dzuwa lili kumbuyo kwake, mutenge paipi yothirira maluwa, mutseke kukamwa kwake ndi chala kuti madzi awaze. Mugwade kuti mutu wanu ufanane ndi wake. Ine ndidachita zimenezi ndi ana a kwathu nditangochira, ndipo adandinyowetsa thupi lonse. Aphunzitsi athu a sayansi aja akadakhala moyo ndikadawaitana, pakuti tsiku limenelo kunja kudalibe mitambo.